Kodi chikhalidwe cha anthu ndicho chimamanga misewu ndi milatho ya dziko?

Bambo Mwale:
Abale ndi alongo, ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza kwa nthawi yaitali, ndipo ndikupempha kuti tilikambirane mofatsa. Tikamakamba za misewu, milatho, njanji, madamu, magetsi ndi mapaipi a madzi, timathamangira kunena za ndalama, ngati kuti dziko likangopeza ngongole yokwanira ndiye kuti latukuka basi. Komatu alipo mayiko amene analandira ndalama zankhaninkhani, namanga zinthu zosiririka, ndipo zisanathe zaka khumi zonsezo zinali zitaphwasuka, pamene ena anayamba ali pa umphawi koma zimene anamanga zikugwirabe ntchito mpaka lero. Ine ndimakhulupirira kuti gwero la kusiyana kumeneku ndi chikhalidwe cha anthu a dzikolo: mmene amaonera nthawi, mmene amalemekezera chinthu cha anthu onse, ndiponso ngati amachita manyazi akagwira ntchito yosalongosoka.

Taonani Japan. Pa 1 Okutobala 1964 anatsegula njanji ya sitima zothamanga kwambiri, Shinkansen, pakati pa Tokyo ndi Osaka, mtunda wa makilomita 515, patangopita zaka 19 dzikolo litasanduka phulusa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Kuchokera tsikulo palibe wokwera ngakhale mmodzi amene wafa chifukwa cha kugundana kwa sitimazi kapena kuchoka panjanji, ndipo ukawerengetsa kuchedwa kwa sitima zonse pachaka, sitima imodzi imachedwa ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zokha. Kuyambira pakati pa usiku mpaka 6 koloko m'mawa sitimazi siziyenda, kuti amisiri ayendere njanji ndi kuikonza. Ndalama zimagula zitsulo ndi simenti, koma sindikuona mmene zingagulire mtima woterewu.

Mayi Nangondo:
Bambo Mwale, funso lanu ndi lofunika, koma yankho limene mwalipatsa ndikuliopa, chifukwa likhoza kutanthauza kuti mitundu ina inabadwa yodziwa kusamala zinthu ndipo ina inabadwa yowononga. Ndikupempheni muganizire za Korea. Kufikira chaka cha 1945 linali dziko limodzi, anthu ake olankhula chinenero chimodzi, a miyambo imodzi ndi makolo amodzi, ndipo panthawi imene linagawidwa mafakitale ambiri aakulu ndi malo opangira magetsi anali kumpoto. Lero chithunzi chojambulidwa usiku kuchokera mumlengalenga chimaonetsa kummwera kuli ngwee, kumpoto kuli bii, kupatula kadontho ka kuwala pa Pyongyang, likulu la kumpotoko. Chikhalidwe chikanakhala kuti ndicho chimamanga, mbali ziwirizi zikanafanana.

Ngakhale kusunga nthawi kwa ku Japan kuli ndi pamene kunayambira. Njanji yoyamba kumeneko, yochoka ku Tokyo kupita ku Yokohama, inatsegulidwa mu 1872 mothandizidwa ndi mainjiniya a ku Britain, ndipo masiku amenewo anthu wamba sankawerenga mphindi ayi. Ankagawa usana m'zigawo zisanu ndi chimodzi ndi usiku chimodzimodzi, zigawo zimene zinkatalika kapena kufupika potsata nyengo. Maola ofanana kutalika anayamba mu 1873, ndipo pofika 1920 kuchedwa kunali kudakali vuto moti anapatula tsiku la 10 Juni kuti lizikumbutsa anthu kusunga nthawi. Ku Britain nakonso tauni iliyonse inali ndi nthawi yakeyake yotsata dzuwa, Bristol ili kumbuyo kwa London ndi mphindi khumi, mpaka kampani ya njanji ya Great Western inayamba kugwiritsa ntchito nthawi ya London m'masiteshoni ake mu 1840. Lamulo la dziko linangotsatira pambuyo, mu 1880. Choncho ine ndimati njanji ndiyo inaphunzitsa anthu kuyang'ana wotchi.

Bambo Chirwa:
Ine ndagwira ntchito ya uinjiniya wa misewu kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna kuti tisiyanitse zinthu ziwiri zimene zikusakanizika pano, kumanga ndi kusamala chimene wamanga. Kumanga kumagulika. Boma lililonse likhoza kubwereka ndalama, kuitana kontrakitala wakunja ndi makina ake, ndipo pakatha zaka zitatu msewu wa phula wayalidwa, ngakhale eni dziko asanagwirepo fosholo. Kusamala ndiye sikuitanitsidwa kunja, chifukwa ndi ntchito yaing'onoing'ono ya chaka ndi chaka, yopanda mwambo wodula riboni ndi yopanda ojambula zithunzi.

Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Phula la pamwamba lija ndi chofunda chabe. Mphamvu ya msewu ili m'miyala ndi m'dothi lotsenderezedwa pansi pake. Ngalande zam'mbali zikadzaza mchenga ndi zinyalala, kapena kalavati ikatsekeka, madzi amalowa pansi, maziko amafewa, ndiye galimoto yolemera ikadutsa phula limang'aluka. Mng'alu ukamatidwa chaka chomwecho ndalama zake n'zochepa, koma ukasiyidwa mvula ziwiri kapena zitatu umasanduka dzenje, ndipo pamapeto pake msewu wonse umafunika kuufukula ndi kuyambanso. Mu 1988 World Bank inawerengera kuti m'mayiko 85 ongotukuka kumene, misewu ya ndalama pafupifupi madola 45 biliyoni inali itawonongeka m'zaka makumi awiri, chikhalirecho madola 12 biliyoni okha a ntchito yokonza msanga akanaipulumutsa.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Ndinagwirapo ntchito pa msewu wina umene tinaumanga motsata muyezo uliwonse, ndipo nditaudutsanso patapita zaka zisanu ndi ziwiri mtima unandipweteka, chifukwa m'makalavati munali mutamera zitsamba ndipo m'mbali mwa phula munali mutadyeka ngati nsalu yakale. Nditafunsa oyang'anira, anandiuza kuti ndalama zokonzera zinkaikidwa mu bajeti chaka chilichonse, koma zinkasamutsidwa kukayambira misewu yatsopano. Anthu amene ndinagwira nawo ntchito kumeneko anali akhama kwambiri. Akuluakulu awo okha ndiwo ankadziwa kuti msewu watsopano umabweretsa mavoti ndi ulemu, pamene ngalande yoyera palibe amaiyamikira.

Bambo Mwale:
Bambo Chirwa, mwanena zomveka, koma ndikuona ngati mwaikira kumbuyo maganizo anga. Ngati anthu amaombera m'manja wodula riboni n'kumunyalanyaza wolambula ngalande, kodi chimenecho si chikhalidwe? Mayi Nangondo, za Korea ndazimva ndipo ndilibe poyankhira msanga. Komabe ndikanakonda wina andiuze chifukwa chake m'mayiko ena nduna imapanikizidwa ndi mafunso mlatho ukangochita dzimbiri, pamene kwina mlatho ukaduka anthu amangolambula njira m'mbali n'kumawoloka pamadzi kwa zaka zambiri, osadziwa ngakhale khomo limene angakadandaule.

Mayi Nkhoma:
Ndiyankheko ndi nkhani ya Netherlands, chifukwa kumeneko chikhalidwe ndi dongosolo zinakulira limodzi moti n'kovuta kuzilekanitsa. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a dzikolo lili m'munsi poyerekeza ndi nyanja, ndipo anthu amakhala pouma chifukwa cha zipupa zotchinga madzi ndi mapampu. Chipupa chotere chikabooka pa munda wa munthu mmodzi, mudzi wonse umamira. N'chifukwa chake kuyambira zaka za m'ma 1200 alimi anakhazikitsa mabungwe oyang'anira madzi, monga la Rijnland limene linalandira chikalata chake mu 1255. Mwini malo aliyense ankapatsidwa chigawo cha chipupa choti azisamala, akuluakulu a bungwe ankayendera chipupacho kangapo pachaka ndi kulipiritsa chindapusa wonyalanyaza, ndipo m'madera ena wolephereratu ankazika fosholo yake pachipupa posonyeza kuti wausiya munda wake. Amene wazula fosholoyo ankatenga mundawo pamodzi ndi udindo wake. Mabungwe amenewa alipobe, tsopano ndi 21, ndipo ali ndi zisankho zawo zaka zinayi zilizonse komanso msonkho wawowawo umene sungatengedwe kukamangira china.

Tsono Bambo Mwale, munthu wokulira m'dziko lotere amadziwa khomo lokadandaula, chifukwa iye mwini ndiye anasankha okhala kuseri kwa khomolo ndipo amawalipira. Mtima umenewo sanabadwe nawo m'magazi; anautengera ku chindapusa, ku msonkho ndi ku misonkhano ya zaka zopitirira 700. Ndipo nawonso anagonapo tulo. Usiku wa pa 31 Januwale 1953 nyanja inaswa zipupa kummwera chakumadzulo kwa dzikolo, anthu 1,836 anafa, ndipo zinadziwika kuti zipupa zambiri zinali zazifupi ndi zofooka, mwa zina chifukwa mabungwe anali atachuluka kupitirira 2,000, ambiri a iwo aang'ono ndi osowa ndalama. Sanadzitonthoze ndi mbiri ya makolo awo. M'kupita kwa zaka anaphatikiza mabungwewo, naika miyezo ya chitetezo cha zipupa, ndipo ntchito yaikulu ya Delta yotseka milomo ya mitsinje anaipirira mpaka inatha mu 1997.

Achimwene Jere:
Akuluakulu, ine ndine wamng'ono pa nkhaniyi, koma kusukulu tinaphunzira za Geert Hofstede, katswiri wa ku Netherlands komweko, amene anasanthula mayankho opitirira 100,000 a ogwira ntchito ku kampani ya IBM m'mayiko ambiri, osonkhanitsidwa pakati pa 1967 ndi 1973, n'kukonza miyezo yoyerekezera chikhalidwe cha mayiko. Wina umayeza mmene anthu amavomerezera kuti akuluakulu asamafunsidwe, wina umaona ngati munthu amaika patsogolo iye mwini kapena gulu, wina mmene anthu amaopera zosadziwika, ndipo pambuyo pake anawonjezera woyeza kuganizira za kutsogolo. Pa muyezo wotsirizawu South Korea, Japan, China ndi Germany zili pamwamba, ndipo onsewa ndi mayiko odziwika ndi zomangamanga. Kodi zimenezi sizikuikira umboni maganizo a Bambo Mwale? Damu kapena njanji imabweza ndalama zake patapita zaka 30 kapena 50, ndiye zikumveka kuti anthu ozolowera kudzimana lero kuti adzapindule mawa ndiwo angalolere kuimanga.

Mayi Nangondo:
Achimwene, mwachita bwino kubweretsa mfundo imeneyi, chifukwa ambiri olemba za nkhaniyi amayambira pa miyezo yomweyo. Vuto lake ndi lakuti mafunso otere amafunsidwa kwa anthu amene akukhala kale m'dziko lokhazikika kapena losakhazikika, choncho sitingadziwe chimene chinayamba. Munthu amene ndalama yake imachepa mphamvu chaka ndi chaka, amenenso anaonapo banki ikugwa ndi zosunga zake, akamadya zake lero sakuonetsa chikhalidwe cha mtundu wake, akungochita mwanzeru. Komanso United States ili m'munsi pa muyezo woyeza kuganizira za kutsogolo uja, chikhalirecho kuyambira 1956 inamanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo zake, mtunda wopitirira makilomita 70,000.

Germany ndiye chitsanzo chondiphunzitsa kwambiri. Bwalo la ndege latsopano la Berlin limene linayenera kutsegulidwa mu 2011 linatsegulidwa mu Okutobala 2020. Mlatho wa Rahmede pa msewu waukulu wa A45 unatsekedwa mwadzidzidzi mu Disembala 2021 utapezeka ndi zilema, n'kugwetsedwa mu 2023, ndipo mu Sepitembala 2024 chigawo cha mlatho wa Carola ku Dresden chinagwera mumtsinje wa Elbe. Akatswiri ambiri a zachuma amati kuopa ngongole, kumene dzikolo limanyadira mpaka kukuika m'malamulo ake aakulu mu 2009, ndiko kunachititsa kuti kwa zaka zambiri lisaike ndalama zokwanira pa kukonza zakale.

Kumbali ina, taonani Phnom Penh, likulu la Cambodia. Mu 1993, Cambodia itangotuluka m'zaka za nkhondo, madzi 72 pa 100 alionse a bungwe la madzi la mumzindawo ankatayika kapena kubedwa, ena mwa ogwira ntchito ndiwo ankalumikiza mapaipi mwachinyengo, ndipo akuluakulu ambiri a boma ndi asilikali sankalipira mabilu. Mkulu watsopano, Ek Sonn Chan, anaika mita pa nyumba iliyonse yolandira madzi, anakweza malipiro a antchito, anachotsa akatangale, n'kumadula madzi ngakhale kwa akuluakulu osalipira. Zisanathe zaka 20 madzi otayika anatsika kufika pafupifupi 6 pa 100 alionse, ndipo mipopi inkatulutsa madzi usana ndi usiku. Anthu ake anali omwewo, a chinenero ndi chipembedzo chomwecho.

Mayi Nachisale:
Ndakhala ndikuwerenga mwachidwi, koma ndikuona kuti tonse tikulankhula ngati chikhalidwe ndi chinthu chimene chimathandiza kapena kulepheretsa omanga. Sitikufunsa zimene omanga amachita ku chikhalidwe cha anthu amene awapeza pamalo. Pamene ankamanga damu la Kariba pa mtsinje wa Zambezi pakati pa 1955 ndi 1959, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa kuchoka m'chigwa mmene ankakolola kawiri pachaka pa nthaka ya m'mbali mwa mtsinje, ndipo manda a makolo awo ndi malo awo opembedzera zinamizidwa. Mu 1958 ena atakana kusamuka m'dera la Gwembe, m'dziko limene lero ndi Zambia, apolisi anawombera ndi kupha anthu asanu ndi atatu. Magetsi a damulo anapita ku migodi ndi m'mizinda, pamene midzi yambiri ya osamutsidwawo inakhala mumdima kwa zaka makumi angapo. Mdzukulu wa munthu wotere akaona mawaya akudutsa pamwamba pa mudzi wake n'kusawaona ngati chuma chake, kodi tidzati chikhalidwe chake n'chosalemekeza zinthu za onse?

Nthawi zinanso chimene akatswiri amachitcha mwambo chabe chimakhala ndi luso lenileni mkati mwake. Pa chilumba cha Bali ku Indonesia alimi a mpunga akhala ndi magulu otchedwa subak kwa zaka pafupifupi 1,000, ndipo nthawi yodzala ndi yopumitsa minda ankagwirizana pa akachisi a madzi. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera mbewu zatsopano ndi lamulo lakuti aliyense azidzala mowirikiza, osadikira kalendala ya kachisi. Zotsatira zake tizilombo ndi matenda a mpunga zinachuluka, ndipo madzi anayamba kuperewera. Kafukufuku wa Stephen Lansing ndi anzake anaonetsa kuti kupumitsa minda yonse ya dera nthawi imodzi kunkapha tizilombo ndi njala, pamene kusinthana nthawi pakati pa madera kunkagawa madzi a mtsinje mokwanira aliyense. Mu 2012 UNESCO, nthambi ya bungwe la United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika dongosolo limeneli pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Elinor Ostrom, amene analandira mphoto ya Nobel ya zachuma mu 2009, anapeza zofanana ku Nepal: ngalande zothirira zoyendetsedwa ndi alimi eni ake, ngakhale zinali zadothi ndi miyala, kawirikawiri zinkafikitsa madzi kumalekezero bwino kuposa zasimenti zoyendetsedwa ndi boma, chifukwa ntchito yozikonza chaka ndi chaka inkakakamiza a kumtunda kumvana ndi a kumunsi.

Bambo Chirwa:
Mayi Nachisale, mwandikhudza, chifukwa ife mainjiniya timaphunzitsidwa kuyeza dothi ndi madzi, koma kumvetsera anthu timakuphunzira mochedwa, nthawi zina titalakwitsa kale.

Ndiwonjezere kuti khalidwe lomwelo limene timaliyamikira limathanso kupha. Pa 25 Epulo 2005 ku Amagasaki, ku Japan, sitima wamba, osati Shinkansen, inachoka panjanji pokhota n'kukawomba nyumba yosanja, ndipo anthu 107 anafa. Woyendetsa, mnyamata wa zaka 23, anali atachedwa ndi pafupifupi mphindi imodzi ndi theka, ndipo ofufuza anapeza kuti chilango chochititsa manyazi chimene oyendetsa olakwitsa ankalandira chinathandizira ngoziyo. Ku South Korea amadziwika ndi kuchita zinthu mofulumira, ndipo msewu waukulu wochoka ku Seoul kupita ku Busan, wa makilomita 428, anaumanga m'zaka ziwiri ndi miyezi isanu n'kuutsegula mu Julayi 1970. Koma antchito 77 anafera pa ntchitoyo. Mu Okutobala 1994 mlatho wa Seongsu ku Seoul unaduka m'mawa anthu akupita kuntchito ndi kusukulu, anthu 32 anafa, ndipo chifukwa chake chinali zitsulo zowotcherera mosalimba ndi kusauyendera mokwanira. Chaka chotsatira anakhazikitsa lamulo lokakamiza kuti milatho ndi zomangamanga zina zikuluzikulu ziziyenderedwa pa nthawi zoikika.

Pa zonse zimene zimatchedwa chikhalidwe, chimene ndachiona chikugwira ntchito pamalo omanga ndi ichi: kodi injiniya wamng'ono angauze bwana wake kuti konkire iyi sinafike muyezo, iphwanyidwe, n'kupezekabe pa ntchito mawa lake? Ulemu kwa akuluakulu ndi chinthu chokongola, koma konkire yoperewera simenti silimba chifukwa chakuti wamng'ono anachita ulemu n'kukhala chete. Kumene lamulo limateteza wokana kusainira ntchito yoipa, achinyamata amaphunzira msanga kulankhula.

Achimwene Jere:
Zikomo akuluakulu, ndaphunzirapo. Nanga bwanji za mayiko amene anatenga mwambo wawo wothandizana n'kuusandutsa chida cha chitukuko? Ku Rwanda kuli umuganda, pamene Loweruka lomaliza la mwezi anthu a zaka 18 mpaka 65 amagwira ntchito ya onse m'mawa, kulambula ngalande ndi kukonza misewu. Ku Kenya mawu akuti harambee, kutanthauza kuti tikokere pamodzi, akhala mawu a pa chizindikiro cha dziko kuyambira 1963. Ku Ethiopia damu lalikulu la pa mtsinje wa Blue Nile, limene anayamba kumanga mu 2011, linamangidwa makamaka ndi ndalama za m'dzikomo, ogwira ntchito m'boma akupereka malipiro a mwezi wathunthu. Paja mutu umodzi susenza denga, ndiye kodi apa chikhalidwe sichinamange?

Mayi Nkhoma:
Chinamangadi, achimwene, koma tiyang'anitsitse chimene chinachigwiriziza. Umuganda uli ndi lamulo la 2007 kumbuyo kwake ndi chindapusa kwa wojomba, ndipo ku Ethiopia alipo ena amene ananena kuti kupereka malipiro kuja kunali kovuta kukana. Harambee inamanga masukulu a sekondale ambiri ku Kenya, koma m'kupita kwa nthawi inasanduka bwalo la andale loonetserapo chuma ndi kugulirapo anthu, mpaka mu 2003 anaika lamulo loletsa ogwira ntchito m'boma kugwiritsa ntchito maudindo awo posonkhetsa ndalama zotere. Mwambo womwewo unabala zipatso zabwino ndi zoipa, malinga ndi amene anaugwira.

Chitsanzo chimene chimandiunikira kwambiri ndi cha South Korea mu 1970. Boma la Park Chung-hee, limene pa ndale linali lopondereza ndithu, linapereka matumba 335 a simenti ku mudzi uliwonse mwa midzi yopitirira 33,000, kuti anthu asankhe okha choti amange, kaya ndi mlatho waung'ono, chitsime kapena msewu wolowa m'mudzi. Chaka chotsatira midzi pafupifupi theka imene inagwiritsa ntchito bwino simentiyo inalandira matumba ena 500 ndi tani imodzi ya zitsulo, inayo osalandira. Mtima wothandizana unalipo kale m'midzimo, koma unadzuka pamene anthu anaona kuti khama likubweretsa mphoto yooneka, ndiponso kuti mphotoyo sikupita kwa achibale a akuluakulu okha.

Ndiyenera kuchenjezanso kuti ntchito ya gulu ili ndi malire. Ndagwira ntchito ndi makomiti a mijigo, ndipo ndaona kuti anthu amabwera mwaunyinji tsiku lotuta mchenga ndi miyala, koma mjigo umafa patapita zaka zitatu chifukwa cha kampira kakang'ono kamene palibe akugulitsa pafupi, kapena chifukwa msungichuma anabwereketsa ndalama za komiti pa maliro ndipo palibe wolimba mtima kumufunsa. Kafukufuku amaonetsa kuti kummwera kwa chipululu cha Sahara umodzi mwa mijigo inayi kapena isanu iliyonse sugwira ntchito pa nthawi ina iliyonse. Mwambo umasonkhanitsa anthu, koma mmisiri wolipidwa, zipangizo zosinthira ndi buku la ndalama lowerengedwa pagulu zimafuna dongosolo.

Bambo Mwale:
Ndikuvomera kuti ndinalankhula ngati chikhalidwe chili m'magazi, ndipo mwandionetsa kuti sichili choncho. Koma sindikutaya mfundo yanga yonse. Ku Switzerland anthu wamba anavota pa riferendamu mu 1992 kuvomereza njanji zatsopano zoboola mapiri a Alps, navotanso mu 1998 kuvomereza mmene ndalama zake zipezekere, kuphatikizapo msonkho wa magalimoto olemera. Njira ya pansi pa phiri la Gotthard, ya makilomita 57, inatsegulidwa mu Juni 2016. Ambiri amene anavota mu 1992 ankadziwa kuti adzakhala atakalamba kapena atamwalira sitima yoyamba isanadutse, komabe anavomera kulipira. Mayi Nangondo adzati ndi dongosolo la riferendamu, ndipo n'zoona. Koma dongosolo likakhala zaka zopitirira 100, makolo n'kumaphunzitsa ana awo kuti umu ndi mmene timachitira, pamenepo lasanduka chikhalidwe, ndipo dziko lina silingangolikopera m'buku la malamulo n'kupeza zipatso zomwezo chaka chamawa.

Mayi Nangondo:
Pamenepo ndiye tayandikana, Bambo Mwale, ngakhale ine ndikuti sizifuna zaka 100 nthawi zonse. Antanas Mockus atakhala meya wa Bogotá ku Colombia mu 1995, anaika m'misewu anthu ochita zisudzo zosalankhula kuti aziseka oyendetsa galimoto ndi oyenda pansi ophwanya malamulo, poganiza kuti anthu amaopa manyazi kuposa chindapusa. Mu 1997 njira yobweretsa madzi kuchokera ku mapiri a Chingaza kupita mumzindawo itagumuka, anapempha anthu kuchepetsa madzi mwakufuna kwawo ndipo ankalengeza poyera mmene mzinda ukuchitira. Anthu anachepetsadi, ndipo sanabwerere ku kagwiritsidwe kakale ngakhale njirayo itakonzedwa. Pa ulamuliro wake wachiwiri anapempha ofuna kuti awonjezere 10 pa 100 alionse pa msonkho wawo, n'kusankha okha ntchito imene ndalamazo zipite, ndipo anthu opitirira 60,000 anapereka. Mzinda umenewu unkadziwika ndi chiwawa ndi kusakhulupirirana. Chimene chinasintha n'chakuti munthu anayamba kuona kuti anansi ake nawonso akuchita, ndiponso kuti ndalama yake ikufika kumene anauzidwa.

Bambo Chirwa:
Mfundo ya Mayi Nangondo ikundikumbutsa malo amodzi pamene zonse takambiranazi zimakumana, ndipo ndi pa sikelo yoyezera magalimoto akuluakulu. Mayeso amene anachitika ku Illinois, ku United States, pakati pa 1958 ndi 1960 anaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri za galimoto) kukawirikiza kawiri, msewu umawonongeka pafupifupi kuwirikiza ka 16. Izi zikutanthauza kuti msewu wokonzedwa kuti ukhale zaka 20 ukhoza kutha m'zaka zochepa chabe ngati magalimoto onyamula mopyola muyezo akuloledwa kudutsa, ngakhale kontrakitala atagwira ntchito yake mokhulupirika. Tsono moyo wa msewu wa madola mamiliyoni ambiri umakhala m'manja mwa munthu mmodzi wa malipiro ochepa, ali yekha pakati pa usiku, dalaivala akumupatsa ndalama yoposa malipiro ake a sabata, mwinanso galimotoyo ili ya munthu amene angamuchotsetse ntchito ndi foni imodzi. M'mayiko ena aika masikelo okwiriridwa mumsewu amene amayeza galimoto ikuyenda n'kutumiza manambala ku likulu, kuti munthuyo asakhale yekha ndi chiyesocho, ndipo kumene manambalawo amagwiritsidwadi ntchito zathandiza. Koma ndaonanso masikelo otere akufa pakangotha miyezi yochepa, mawaya ake atadulidwa ndi anthu amene akudziwa bwino pamene ali. Ngati pakati pathu alipo amene anagwirapo ntchito pa sikelo, kapena anayendetsapo galimoto yonyamula katundu, ndikanakonda atiuze chimene chimachitika woyeza akakana ndalama ija, ndiponso amene amamuikira kumbuyo m'mawa mwake.